Mtengo wa chipewa chimodzi

Chipewa choyamba chimene ndinaluka ndi manja anga chinanditengera maola 11. Ndikudziwa chifukwa ndinkalemba pafoni nthawi imene ndayamba ndi imene ndasiya. Chinali chobiriwira, chopotoka pang'ono chakumwamba, koma chinkafunda. Tsiku limene ndinachivala popita m'kalasi, mu Juni kuno ku Zomba mphepo ikutsika kuphiri, mtsikana wina amene timaphunzira naye anachigwiragwira n'kunena kuti, "Chokongola bwanji! Undilukireko changa, ndikupatsa K2,000." Nditamuuza kuti ndalama imeneyo ikuthera pa ulusi wokha, anaseka. "Iwe, pakaunjika zipewa zili mbwee. Komanso uwutu ndi ulusi chabe."

Ndinakwiya tsiku lonse. Panapita miyezi ingapo ndisanazindikire kuti mkwiyowo sunali wa chipewa chokha.

Ndinaphunzira kuluka m'kagulu ka anthu asanu ndi awiri kamene timakumana Loweruka lililonse masana, pakhonde la nyumba ina ku Chikanda kumene awiri mwa ife amachita lendi. Kagulu kameneka kalibe dzina, kalibe wapampando, kalibe msungichuma. Timabwera ndi ulusi m'majumbo, wina amabweretsa mtedza wokazinga, ndipo lamulo ndi limodzi lokha: utulutse chimene waluka sabata imeneyo anzako achione, ngakhale chikhale chochititsa manyazi chotani. Chinthucho chimayenda dzanja ndi dzanja. Wina amachitembenuza kuti aone kuseri, wina amachikoka kuti aone ngati chikutamuka, wina amakulozera pamene unadumpha sitichi mizere isanu m'mbuyomo. Ukatero umasankha wekha: kumasula mpaka pamenepo kapena kukhala nacho chilemacho.

Amene anayambitsa kaguluka ndi awiri. Woyamba anaphunzira crochet pa YouTube mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo amaluka zikwama ndi mabulauzi. Wachiwiri anaphunzitsidwa ndi agogo ake ku Rumphi kuluka ndi singano ziwiri. Kwa amene sanagwirepo, ntchito ziwirizi zimaoneka ngati imodzi, koma n'zosiyana. Ukamaluka ndi singano ziwiri, masitichi onse a mzere amakhala pasingano nthawi imodzi, ndipo imodzi ikapulumuka imatha kumasuka mpaka pansi ngati makwerero. Crochet imafuna kachitsulo kamodzi kokhala ndi kambedza kumapeto, ndipo nthawi zambiri umagwira sitichi imodzi basi, kuimaliza, n'kupita pa ina. Pali mnyamata mmodzi m'gulumu, wophunzira masamu. Anzake akamamuseka amawaonetsa chithunzi cha Tom Daley, katswiri wa ku Britain wodumphira m'madzi, akuluka pamasewero a Olympics ku Tokyo mu 2021. Iyeyo ndiye sasokoneza kuwerenga masitichi ngakhale tonse tikulongolola.

Ntchito yaikulu imene tinachitira limodzi inali bulangete la mwana. Mmodzi wa ife anali woyembekezera ndipo anapita kwawo kukadikira. Otsalafe, anthu asanu ndi mmodzi, tinagwirizana kuti aliyense aluke tizigamba tisanu ndi tiwiri ta ngodya zinayi, tokula masentimita 15 mbali iliyonse, kuti tonse pamodzi tikwane 42. Tinagwiritsa ntchito ulusi umodzimodzi, tizitsulo tofanana ndi kalukidwe kamodzi. Tsiku loti tilumikize, tinatiyala pamphasa n'kuyamba kuseka. Panalibe tiwiri tofanana. Tanga tinali tating'ono ndi touma ngati chikumba, chifukwa ndinaluka sabata ya mayeso ndikukoka ulusi ndi nkhawa. Ta mnzathu wa ku Rumphi tinali tofewa, toyalika bwino. Tinatikhomera pakatoni ndi mapini n'kutifukiza nthunzi, simbi ili m'mwamba osagunda, poti ulusi wa acrylic ndi wapulasitiki ndipo umasungunuka ukapsa. Titawonkhetsa maola a aliyense, kuphatikizapo kulumikiza ndi kuluka m'mphepete, anakwana 74.

Mayi wa mwanayo anaika chithunzi cha bulangetelo pa WhatsApp, ndipo pofika madzulo anthu anayi anali atafunsa mtengo. Apa mpamene kagulu kathu kanatsala pang'ono kutha.

Mnzathu wophunzira zachuma anati mwayi wagogoda. Anafuna kuti titsegule tsamba pa Facebook, tizilandira maoda, ndalama tizigawana. Sankanena zachibwana. Iye amadzilipirira yekha lendi, ndipo ndalama ya mwezi ikachedwa amagona ndi tiyi wopanda mkaka. Tinatenga pepala n'kuwerengera. Ulusi umene timagula m'mashopu ndi wochokera kunja, choncho kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unakwera nawo. Titachotsa ndalama ya ulusi pa mtengo waukulu kwambiri umene mmodzi wa anthu anayi aja anatchula, n'kugawa zotsalazo ndi maola 74, tinapeza kuti ola limodzi la ntchito yathu silikanagula mandasi awiri.

Sikuti anthu aja anali oipa mtima. Iwo amayerekeza mtengo wathu ndi wa zinthu zimene amaziona pamsika, ndipo pamsikapo tikupikisana ndi makina. Munthu wina wa ku England dzina lake William Lee anapanga makina oluka masokosi mu 1589, ndipo lero juzi ya m'fakitale imatuluka dzanja lisanamalize n'komwe mkono umodzi. Juziyo ikavalidwa ku Ulaya zaka zingapo n'kufika kuno m'belo la kaunjika, mtengo wake umatsikanso. Maso athu anazolowera mitengo imeneyi mpaka tinaiwala kuti chovala chimadya nthawi ya munthu. Za crochet n'zoopsanso kuposa apa. Makina amatha kupanga zooneka ngati iyo, koma crochet yeniyeni imalukidwabe ndi manja. Ndiye mukapeza bulauzi ya crochet yeniyeni pamtengo wa mbale ya chipisi, dziwani kuti kwinakwake kuli munthu amene anakhala pansi masiku angapo n'kulandira zosakwana.

Tikukangana choncho pakhondepo, ine maganizo anali kwathu ku Dedza. Amene anakhalako akudziwa mmene kumazizirira mu Juni ndi Julayi. Amayi anga anaphunzira kuluka kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi asanakwatiwe, ndipo ine ndakula ndikumva singano zawo zikugundana usiku, koloboyi akuyaka patebulo. Ankaluka majuzi a ana asukulu, mashawelo ndi timasokosi ta makanda, ndi madoyilo oyala pamipando. Ulusi wa m'shopu ukadula, ankagula majuzi akale pakaunjika n'kuwamasula. Ulusi wotere umatuluka wopotanapotana, ndiye ankaukulunga pamiyendo ya mpando, kuuviika m'madzi ofunda, n'kuupachika pachingwe atamangirira kamwala kumunsi kuti uwongoke. Ntchito yanga inali kutambasula manja kuti iwo aziukulunga kukhala mpukutu. Ndinkaida ntchito imeneyo.

Chimene ndinkadana nacho kwambiri chinali juzi imene anandilukira popita ku sekondale yogonera konko. Mtundu wake unali wa yunifolomu ndithu, koma aliyense ankatha kuona kuti si ya m'shopu. Inali yokhuthala, khosi lake losiyana ndi la anzanga. Ndinaivala sabata yoyamba yokha. Mtsikana wina wa Fomu 3 atandifunsa pagulu ngati anandilukira ndi agogo, ndinaipinda n'kuiika pansi penipeni pa sutikesi, ndipo teremu yonseyo ndinasankha kunjenjemera m'mawa uliwonse. Potsekera ndinaivala pokwera basi kuti Amayi asadziwe. Pa nthawiyo sindinaganizepo kuti ndalama ya basiyo, sopo, shuga ndi gawo la fizi zinkachokera ku majuzi onga omwewo, amene ana a anthu ena ankavala.

Holide yapitayi ndinawafunsa. Tinali pakhonde, iwo akusenda mbatata ya kachewere.

"Amayi, juzi imodzi ya mwana wasukulu inkakutengerani maola angati?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti mumphika muli nyemba zingati. "Maola? Mwanawe, ine ndinkawerenga masiku otsala kuti mutsegulire sukulu."

Ndinalimbikira, ndipo tinawerengera limodzi: sabata ziwiri, usiku uliwonse akamaliza zapakhomo mpaka tulo titawagwira. Nditawafunsa mtengo umene ankagulitsa, anandiuza kuti sankayamba ndi iwo kutchula. Wogula ankanena zimene ali nazo, iwo n'kuwonjezera pang'ono, ndipo ena ankalipira chimanga akakolola. Ena sanalipire mpaka lero. Sananene modandaula. Ine ndi amene ndinasowa poyang'ana, chifukwa mawu a mtsikana wa m'kalasi uja, akuti uwu ndi ulusi chabe, ndinali nditawanena kale ineyo ndi sutikesi yanga.

N'chifukwa chake sindingauze mnzathu wa zachuma uja kuti kugulitsa zoluka n'kuipitsa luso. Ine ndafika pa yunivesite chifukwa wina anagulitsa. Ndipo si Amayi okha. Pa njala yaikulu ya ku Ireland ya m'zaka za m'ma 1840, amayi ndi atsikana ambiri anadyetsa mabanja awo poluka zokongoletsa za crochet zogulitsa. Kufupi kuno, amayi a ku Zimbabwe akhala akuwoloka malire kupita ku South Africa ndi zikwama zodzaza madoyilo, n'kuphunzitsa nazo ana. Kunena kuti kuluka kuzikhala kongosangalatsa basi ndi mawu a munthu amene lendi amamulipirira wina. Vuto lili pa mtengo umene ife ogula timaganiza kuti ndi woyenera, ndi pa chizolowezi choona nthawi ya mayi wokhala pakhonde ngati yaulere chifukwa chakuti sanavale suti.

Ife ophunzira nkhani imeneyi ikutikhudza kuposa mmene timaganizira. Aliyense amene amabwera kudzatilankhula za moyo wa pambuyo pa digiri amatiuza kuti ntchito za muofesi kulibe, tidzilembe tokha ntchito, tigwiritse ntchito manja. Chabwino. Koma ndife omwewo amene tikapita kwa telala timakangana naye ngati watibera, ndipo mnzathu akayamba geni ya zoluka kapena zophika timafuna atichotsere chifukwa ndife anzake. Chovala chokhala ndi dzina la kampani yakunja timalipira osatsutsa. Ngati m'badwo wathu ukuyembekezeka kudya za manja ake, tiyenera kuyamba ifeyo kulemekeza maola a anzathu, apo ayi tidzakhala tikugulitsana thukuta pamtengo wa kaunjika.

Sindikunena kuti aliyense angakwanitse kugula chipewa cha maola 11 pamtengo wake woona. Inenso sindingakwanitse, ndipo zovala zanga zambiri ndi zapakaunjika. Koma pali kusiyana pakati pa kunena kuti "ndilibe ndalama yokwanira" ndi kunena kuti "sichikuyenera ndalama imeneyo". Mawu oyambawo amasiya ulemu wa wolukayo uli pomwepo, ndipo nthawi zina mumatha kumvana: ugule ulusi wekha, kapena ubwere Loweruka tikuphunzitse. Mawu achiwiriwo amamuuza kuti maola ake ndi opanda pake.

Kagulu kathu sikanathe. Tinagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, Loweruka likhalabe lopanda maoda, chifukwa tinaona kuti tikayamba kulukira makasitomala sipadzakhalanso wotulutsa chinthu chopotoka kuti anzake achiseke, ndipo apo mpamene timaphunzirira. Amene akufuna kugulitsa amagulitsa payekha, ndipo ena tonse timamuthandiza kujambula zithunzi ndi kumufunira ogula. Mnzathu uja tsopano amaluka tizikwama ta mafoni ndi zomangira tsitsi, zinthu zosachedwa kutha zimene wophunzira angathe kulipira pamtengo wosapweteka wolukayo. Chachiwiri, chilichonse chochoka m'manja mwathu, kaya ndi mphatso kaya chogulitsa, chimapita ndi kapepala kolembapo maola amene chatenga. Mayi wa mwana uja tinamutumizira kapepala kake mochedwa. Anayankha kuti bulangetelo salichapiranso pamwala.

Panopa ndikuluka juzi ya Amayi, yofiirira, ndi singano ziwiri. Ndamaliza msana ndi theka la kutsogolo, ndipo kapepala kakuonetsa maola 31. Ndinapita nayo kwathu ndisanaimalize, poti lamulo lathu la Loweruka lija linandilowa m'magazi. Anailandira ndi manja awiri, anaitembenuza kuseri, n'kuyendetsa chala m'mizere mwakachetechete. Kenaka anaima penapake pafupi ndi kukhwapa.

"Apa unadumpha. Masula mizere isanu ndi umodzi."

"Amayi, pamenepo sipaoneka."

"Ukaichapa kawiri padzaoneka. Masula."

Ndinamasula, iwo atagwira mpukutu n'kumakulunga ulusi umene ukubwerera. Ola limenelo ndinalilembanso pakapepala.