Katundu wa Ulendo wa ku Phiri la Mulanje

Ife a kunyanja kuno ku Salima tinazoloŵera kutentha, ndipo malaya amodzi amatikwanira usana ndi usiku. Koma phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lili ndi mphepo imene mwana wa ku Senga Bay saidziŵa.

Pamene ndinakwerako ndi anyamata a mumpingo mwathu, tinayambira pa Likhubula kuloŵera ku Chambe. Mnyamata wina anasenza mphika wachitsulo, wailesi ndi nsapato za kutchalitchi, koma juzi anaisiya. Pokwera anatsalira m'mbuyo ali ŵefuŵefu. Madzulo chiperoni chitagwa, ananjenjemera kufikira tinamfunditsa mabulangete athu. Usiku umenewo sindinaone tulo, polingalira chimene ndikadakanena kwa amai ake.

Makolo anzanga, yang'anani m'chikwama cha mwana wanu asananyamuke. Mukhale juzi, bulangete, pepala la pulasitiki lotchinga mvula, machesi okulungidwa bwino, tochi, kapoto kopepuka, ufa, usipa wouma ndi mtedza. Nsapato zikhale zozoloŵera phazi, osati zatsopano. Asasenze madzi ambiri, pakuti mitsinje ilimo m'phirimo. Zina zonse zitsale kunyumba, chifukwa pachitunda ngakhale supuni imalemera.