Kuchokera ku Magomeni kukafika pa bwalo la ndege mtima uli m'malo

Magomeni ndi dera lakale la mzinda wa Dar es Salaam, m'boma la Kinondoni, ndipo lili pomwe msewu wa Morogoro umadutsana ndi wa Kawawa. Derali ladzaza ndi nyumba zogona alendo zotsika mtengo, mizikiti, masitolo ang'onoang'ono ndi amayi ophika zakudya m'mbali mwa msewu, omwe eni dziko amawatchula kuti mama ntilie. Mtengo wake ndi umene umakopa alendo a thumba lopepuka, monga ogwira ntchito zachitukuko, atsogoleri a magulu a alimi obwera ku misonkhano, ndiponso amalonda odzapikula katundu ku Kariakoo. Komweko kuli nyumba imene Mwalimu Julius Nyerere adakhalamo Tanganyika isadalandire ufulu mu 1961, ndipo lero idasanduka malo osungirako mbiri yake.

Bwalo la ndege lotchedwa dzina la mkulu yemweyo lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12 kuchokera pakati pa mzinda. Pa mapu mtundawu ndi waufupi. Komabe ndi pomwe anthu ambiri amataya mtendere, ena mpaka kusiyidwa ndi ndege, tikiti imene bungwe kapena kalabu idasonkha movutikira n'kupita m'madzi.

Chopinga choyamba ndi mtsinje wa Msimbazi. Magomeni ali kumpoto kwa chigwa chake pamene bwalo la ndege lili kumwera, choncho wapaulendo ayenera kuwoloka mtsinjewu, kaya wadzera msewu wa Kawawa, kaya wazungulira cha ku Jangwani. M'nyengo ya mvula yaikulu, kuyambira Marichi mpaka Meyi, madzi akhala akusefukira ndi kutseka msewu pa Jangwani kwa maola ambiri. Chigumula cha mu Disembala 2011 chidapha anthu ndi kusamutsa mabanja ambiri a m'chigwachi. Ngakhale kunja kutacha bwino, pamakhala mdipiti wa magalimoto umene anthu kumeneko amautcha foleni. Mabasi othamanga a mwendokasi, omwe adayamba mu 2016, ndi mlatho wapamwamba wa Mfugale pa mphambano ya TAZARA, womwe udatsegulidwa mu 2018, zidapeputsako vutoli koma sizidalithetse. Munthu wanzeru amawerengera maola awiri a pamsewu, kuwonjezera pa maola atatu amene makampani a ndege amalangiza kuti wopita kunja kwa dziko afike ndege isananyamuke.

Chachiwiri ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo nthawi yolembedwa pa tikiti ndi ya malo amene ndege ikunyamukira. Kuwonjezera apo, m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira kutuluka kwa dzuwa, kotero kuti 7 koloko m'mawa ndi saa moja ndipo 10 koloko ndi saa nne. Mlendo amene ndege yake ndi ya masana, akauza dalaivala wa takisi kapena bajaji kuti adzamutenge saa kumi poganiza kuti watchula 10 koloko, dalaivalayo adzamva 4 koloko. Njira yachidule ndiyo kulemba nthawiyo m'manambala kapena kuiloza pa foni, ndiponso kugwirizana mtengo dzulo lake. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Chachitatu ndi mapepala ndi ndalama. Mmalawi safunika viza pocheza ku Tanzania kwa masiku osapitirira 90, koma pasipoti yake iyenera kukhala ndi miyezi 6 isanathe mphamvu. Pasipoti, tikiti, kalata yoitanira ku msonkhano ndi khadi la katemera zimayenera kukhala m'kachikwama kamodzi kosachoka pathupi. Kuyambira mu Marichi 2025, malamulo a dzikolo amafuna kuti malonda a m'dzikomo azilipiridwa m'mashilingi, choncho ndi bwino kusungako ochepa olipirira galimoto ndi madzi akumwa. Ndege zopita kunja zimanyamukira pa Terminal 3, nyumba yatsopano imene idatsegulidwa mu Ogasiti 2019, ndipo dalaivala ayenera kuuzidwa zimenezi momveka.

Chachinayi ndi katundu. Kariakoo amanyengerera maso, ndipo zitenje ndi nsapato zimalemera kuposa mmene zimaonekera. Kulemera kololedwa kumalembedwa pa tikiti. Kawirikawiri kumakhala makilogalamu 23 pa chikwama chachikulu ndi 7 pa cha m'manja. Kuyeza katundu pa sikelo ya m'sitolo ku Magomeni kumapulumutsa munthu ku manyazi omasula mitolo pamaso pa anthu kapena kulipira ndalama zimene alibe. Zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja zisapitirire mamililita 100 pa botolo, mipeni ndi malumo zipite m'chikwama chachikulu, pamene mankhwala a tsiku ndi tsiku ndi batire lotchajira foni zikhale m'manja. Majumbo a pulasitiki adaletsedwa ku Tanzania kuyambira pa 1 Juni 2019. Ndipo phukusi la munthu wosadziwika silinyamulidwa, ngakhale mwini wake atadandaula motani, chifukwa mlandu umagwera wonyamula.

Kwa mlimi pali chiyeso china chapadera. Akaona chimanga chokongola kapena mphukira ya nthochi yabwino, mtima umafuna kutengako kukabzala kumudzi. Mbewu ndi zomera siziloledwa kudutsa malire popanda chilolezo ndi chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo ku Malawi zilolezozi zimaperekedwa ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Nankafumbwe wamkulu amene amaononga chimanga m'nkhokwe adafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 adapezeka ku Karonga. Mpaka lero alimi akulipirabe mtengo wa ulendo wa kachilombo kameneka.

Mkati mwa bwalo zinthu zimatsatana mwandondomeko: kuunikidwa kwa katundu pakhomo, kupereka chikwama ndi kulandira kapepala kokwerera, kudindidwa kwa pasipoti, kuunikidwanso, kenako kudikira pa chipata chimene nambala yake yalembedwa pa kapepalako. Wosokonezeka angafunse wantchito aliyense wovala yunifolomu, ndipo mawu akuti samahani ndi asante amatsegula makomo ambiri. Amene wanyamuka ku Magomeni m'mamawa amafika pa chipatacho nthawi ilipo yambiri, amamwa tiyi, n'kuimbira a kunyumba kuti akamuchingamire nthawi yanji. Kuona maso a nkhono n'kudekha.