Pamene anamwino anasiya kudikira adokotala

Kwa mwana wokulira ku Linthipe m'zaka za m'ma 1980, namwino anali mayi wa diresi loyera, kachipewa pamutu ndi wotchi yolendewera pachifuwa. Wolemba nkhaniyi anali mmodzi wa ana amenewo, ndipo amakumbukira kuti mayiyu ankaopedwa kuposa aphunzitsi aakulu, poti ndiye ankagwira jakisoni. Komabe ukafunsa akuluakulu kuti mwini chipatala ndani, onse ankati adokotala. Mwamuna aliyense wovala khoti loyera anali adokotala, kaya anaphunzira zaka ziwiri kaya zisanu ndi chimodzi. Namwino anali wotumidwa.

Njira zolowera ntchitoyi zinali ziwiri, ndipo sizinkakumana. Mtsikana wa kwa Kaphuka akakhoza JCE ankayang'ana ku Nkhoma, kumene amishoni a Dutch Reformed anatsegula chipatala mu 1915, kapena ku sukulu zina za mishoni monga Malamulo ku Thyolo ndi St John's ku Mzuzu. Kumeneko ankaphunzira kusambitsa wodwala, kutsuka zilonda, kubaya, kubereketsa, ndiponso kumvera, n'kutuluka ali enrolled nurse. Njira inayo inali ya ochepa: sukulu ya boma yomwe inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, imene mu 1979 inasanduka Kamuzu College of Nursing, nthambi ya Yunivesite ya Malawi. Kuchoka ku Linthipe kupita ku Lilongwe, kumene kunali kolejiyo, ndi ola limodzi pa basi, koma kwa mwana wa mlimi wa tomato ndi kachewere, kolejiyo inali kutali kuposa Joni.

Azakhali a wolembayu anadzera njira yoyamba ija. Ankasimba kuti wolembera mankhwala akalakwitsa muyezo wa mwana, iwo ankaona ndithu, koma kunena poyera kunali kudziputira mlandu wa mwano. Ndiye ankanyamula pepalalo n'kukagogoda: "Adokotala, apa mwalemba kuti chiyani? Maso angawa akuvuta." Bamboyo ankayang'ana, n'kukonza mwakachetechete. Choncho amene amati anamwino akale sankaganiza, akunama. Ankaganiza kwambiri, kungoti nzeru zawo zinkayenda chozemba, ndipo sizinkalembedwa paliponse.

Chimene chinatulutsa nzeruzo poyera si chifundo cha madokotala. Anali mavuto.

Edzi itafika pachimake kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, odwala anadzaza mawodi mpaka pansi pa mabedi, anamwino ena n'kumwalira nawo, ena ochita bwino n'kukwera ndege kupita ku Britain. Amene ankachoka kwambiri anali a maphunziro apamwamba aja, chifukwa mapepala awo ankalandiridwa kunja. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV ulere, ndipo nthawi yomweyo linakhazikitsa ndondomeko yapadera yopulumutsa ntchito za umoyo, momwe munali kukweza malipiro ndi 52 peresenti ndi kuwonjezera ophunzira m'makoleji. Koma madokotala oti ayambitse mankhwala kwa munthu aliyense kunalibe. Ntchitoyo inatsikira kwa makiliniko ofesala, kenako kwa anamwino.

Mu Julaye 2011 Malawi anachita chimene dziko lina linali lisanachite: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo, ayambe ma ARV pomwepo, moyo wake wonse, popanda kudikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Njirayi, ya Option B+, bungwe la WHO linadzaivomereza pambuyo pake. Amayi oyamba mankhwala anachoka pa 1,257 m'miyezi itatu ya Epulo mpaka Juni 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya Julaye mpaka Seputembala 2012. Amene ananyamula katundu ameneyu anali namwino wa kusikelo, yemwe tsopano ankafotokoza, kuyambitsa mankhwala, kulondola mayi wothawa mankhwala ndi kuzindikira pamene mankhwala akumuvulaza.

Malungo nawo anasintha mutu wa ntchito. Kale mwana akatentha thupi, mlandu unali utatha kale: kolokwini. Mu 1993 Malawi anasiya kolokwini n'kutenga Fansida, dziko loyamba mu Africa kutero. Mu 2007 kunabwera LA, ndipo mu 2011 kachipangizo koyezera magazi a pachala kanafika m'zipatala zazing'ono. Kachipangizoka kanabweretsa funso limene kale panalibe wolifunsa. Mzere ukatuluka umodzi, kusonyeza kuti malungo mulibe, koma mwana akutenthabe, ndiye akudwala chiyani? Kuno kumapiri a Dedza, kumene Juni amazizira mpaka mano kugundana, kawirikawiri chimakhala chibayo. Namwino amayenera kuvula mwanayo malaya, kuwerenga mpweya kwa mphindi yathunthu, kuyang'ana ngati nthiti zikulowa, kugwira khosi ngati lauma. Pambali pake pali gogo amene akuumirira kuti angopatsidwa LA azipita, poti kabaza akudikira. Kukana gogoyo mwaulemu, n'kumufotokozera chifukwa, ndi mbali ya ntchito imene azakhali aja sanaiphunzire m'kalasi.

Koma kumene mutu wa namwino umayesedwa zenizeni ndi kuchipinda chochilira, usiku. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anafewetsa chiletsocho mu 2010, koma mafumu ambiri anali atayamba kale kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku kwa banja limene mayi wachilira pakhomo, ndipo Joyce Banda atakhala pulezidenti mu 2012 analimbikitsa zomanga zidikiro. Mu 1992 ana 55 pa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala. Pofika 2015 ndi 2016 anali 91. Imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 1,120 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu kafukufuku wa 2000 kufika pa 439 mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016. Amayi onsewa anasamukira m'manja mwa namwino, yemwe m'zipatala zambiri zazing'ono amagona yekha pantchito.

Iye amakhala ndi pepala lotchedwa partograph, pamene amalembapo mmene njira ikutsegukira, kugunda kwa mtima wa mwana ndi kuthamanga kwa magazi a mayi. Pepalalo lili ndi mizere iwiri, wochenjeza ndi wolamula kuchitapo kanthu. Kulemba n'kosavuta. Chovuta n'chakuti ambulansi yochokera kuboma ku Dedza imatenga nthawi, makamaka dzinja kapena mafuta akasowa m'dziko, choncho wodikira kuti mzere wachiwiri udutsidwe wachedwa kale. Akaitana msanga kwa mayi aliyense, mawa sadzamukhulupirira. Mayi wotupa mapazi akadandaula mutu ndi chizimezime m'maso, namwino safunsa aliyense: amabaya magnesium sulphate kuti asakomoke, amaika diripu, kenako n'kuimba foni. Kale zimenezi zinkadikira dzanja la dokotala.

Sukulu nazo zatsatira. Dzina la enrolled nurse linalowedwa m'malo ndi nurse midwife technician, maphunziro a zaka zitatu ofuna MSCE yokhoza bwino sayansi, ndipo ku Nkhoma n'kumodzi kumene amaphunzitsa. Digiri ya zaka zinayi ikupezeka ku Mzuzu University, ku Daeyang ndi ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inabadwa mu 2021 ataphatikiza koleji ya anamwino ija ndi College of Medicine. Chachikulu n'chakuti njira ziwiri zija tsopano zili ndi mlatho: woyambira pansi akhoza kubwerera kusukulu n'kukwera mpaka PhD. Anyamata, amene anayamba kulandiridwa pakati pa zaka za m'ma 1980, akubereketsa amayi, ngakhale agogo ena amafundabe chitenje kumaso. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lokhazikitsidwa mu 1966, silingolembetsa mayina. Limafuna umboni woti namwino akupitiriza kuphunzira asanamuwonjezere chiphaso.

Wolembayu ali ndi nkhawa imodzi. Ophunzira akuuzidwa kuti azifunsa "chifukwa chiyani," koma ambiri akuchokera m'makalasi a sekondale momwe kukhoza ndi kuloweza, ndipo akafika kuwodi amapeza woti awayang'anire ali ndi odwala makumi angapo. Amaphunzira kuthamanga asanaphunzire kuona. Wawonapo partograph yodzazidwa bwinobwino mwana atabadwa kale, n'cholinga choti oyendera asakalipe, ndipo namwino wotero sangamuweruze msanga, poti usiku umenewo anali ndi amayi atatu ndi manja awiri.

Chodabwitsa n'chakuti anthu oti athandize alipo. Makolo a ku Linthipe akugulitsa anyezi ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1 kuti alipire fizi ya unamwino, mwana n'kumaliza, n'kukhoza mayeso a khonsolo, kenako n'kukhala pakhomo kudikira kuti boma lilengeze zolemba ntchito. Bungwe la anamwino la NONM lakhala likudandaula za zimenezi kwa zaka zambiri. Ena mwa achinyamatawa akugwira maganyu m'zipatala za anthu ku Lilongwe, ena akufunsafunsa za mapasipoti.