Diso Logula ndi Diso Lobadwa Nalo

Mwa zipangizo zonse zimene zinafika m'dziko la Acewa kucokera kutsidya kwa nyanja, palibe cina conyenga mwini wace monga kamera. Khasu likagulidwa lero, mawa lilima. Njinga ikagulidwa, pakutha sabata mwana aikwera. Koma kamera yamakono imaoneka ngati yodziwa zonse yokha, kotero kuti woigula amayesa kuti wagula ndi luso lomwe. Nkhani ya mnyamata wina wa m'boma la Chadiza, kufupi ndi malire a Mozambique, ionetsa kutalika kwa mtunda umene uli pakati pa kugula cipangizo ndi kucidziwa.

Kujambula zithunzi, kumene anthu a kuno amati kukopa, si kwa dzulo ai. Kunalengezedwa ku Paris m'caka ca 1839, ndipo John Kirk, amene anatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa pa Zambezi woyamba mu 1858, anajambula mitengo ndi nyumba za m'mbali mwa mtsinjewo. Makolo a mnyamatayu anadziwa wojambula wa pa njinga, amene anali kuzungulira midzi ndi kamera ya filimu. Filimu imodzi inali kutenga zithunzi 24 kapena 36 basi, ndipo ikadzala anali kupita nayo ku Chipata kukatsukitsa. Anthu anali kulindira masabata asanadziwe ngati anajambulidwa ali cipenyere kapena atatsinzina.

Zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono. Mu 1975 Steven Sasson wa kampani ya Kodak ku America anapanga kamera yosafuna filimu, ngakhale cithunzi cimodzi cinali kutenga masekondi 23 kuti cisungike pa kaseti. Mu 1991 kampani yomweyo inayamba kugulitsa kamera ya mtundu wochedwa DSLR, yomangidwa pa thupi la Nikon F3. Nikon D1 inatuluka mu 1999, ndipo mu 2003 Canon EOS 300D inatsitsa mtengo wa makamera otere kufika pansi pa madola 1,000. Kuyambira 2018 Canon ndi Nikon anaika mphamvu zao pa makamera atsopano opanda kalirole m'kati, ndipo eni ace a DSLR ambiri anayamba kugulitsa zao zakale pa mtengo wotsika. Iyi ndiyo njira imene kamera yotere inafikira m'manja mwa mwana wa mlimi.

Mnyamatayu anatsiriza Grade 12 nakhala pa mudzi wopanda nchito ya malipiro, monga acitira anzace ambiri. Analima soya ndi nsawawa zaka ziwiri pa munda umene atsibweni ace anamdulira, nasunga ndalama zonse. Pamene anaulula colinga cace, atsibweniwo anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wa mlongo wanga, ndalama izi zikadagula thole. Ng'ombe ibala inzace, ndipo ikakalamba idyedwa. Nanga kabokosi kako kakafa tidzadyapo ciani?" Iye anayankha ali cigwadire, "Atsibweni, mau anu ndawamva. Ndipatseni caka cimodzi. Kakapanda kubala kanthu, ndidzakagulitsa ndi kubwerera ku khasu." Cotero iye anaika pa cikole thukuta la zaka ziwiri pamodzi ndi ulemu wace pamaso pa mbumba yonse.

Anakwera basi ku Chipata, naoloka mlatho wa Luangwa, nayenda makilomita oposa 500 kufika ku Lusaka. Asanapite anafunsa mkulu wina amene anajambulapo ndi filimu masiku akale, pakuti safunsa anadya phula. Mkuluyo anamlangiza zitatu. Coyamba, aone m'galasi la kutsogolo, lochedwa lenzi, moyang'anitsa ku dzuwa, ngati mulibe timizere tonga ukonde wa kangaude. Caciwiri, afunse kuti citseko ca m'kati catseguka kangati, popeza makamera ang'ono a mtundu uwu amapangidwa kuti citseko cao cigwire nchito nthawi ngati 100,000, ndipo cimatha monga matayala a njinga. Cacitatu, asalipire asanajambule nayo yekha. Kamera yoyamba imene anamuonetsa inali yonyezimira kunja, koma m'lenzi munali nkhungu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Anatenga yaciwiri, yokalika m'mbali koma yoyera m'maso, pamodzi ndi lenzi ya 18-55mm, batire limodzi ndi kakhadi kosungira zithunzi.

Kapangidwe ka kamera yotere n'kosabvuta kumva. Kuunika kulowa pa lenzi nikugunda kalirole wopendekeka, amene akutumiza m'mwamba kufikira pa kazenera koikapo diso. Cifukwa cace wojambula aona cenicenico cimene lenzi iona. Akadinikiza batani, kaliroleyo anyamuka, citseko citseguka, ndipo kuunika kugwera pa kambale kochedwa sensa, kamene kali m'malo mwa filimu. Phokoso lija limene ana amakondwa nalo ndilo la kalirole ndi citseko.

Masabata oyamba mnyamatayu anasiya kamera kuti idzisankhira zonse yokha, ndipo zithunzi za mbuzi ndi za ana a pa bwalo zinatuluka bwino ndithu. Pamenepo anabvomera kujambula ukwati wa mwana wa mnansi wao. Anaimika akwatiwo pa khomo la chalichi, dzuwa la masana lili kumbuyo kwao, mkwatibwi atabvala zoyera mbee. Pobwerera kunyumba anapeza kuti diresi linaoneka bwino lomwe, koma nkhope zonse zinali bii ngati mithunzi. Ukwati subwerezedwa. Amai a mkwatibwi sanakalipe. Anangoti, "Zikomo, mwayesetsa," ndipo mau amenewo anamlasa kopambana mkwiyo. Ndalama zao anabweza.

Cimene cinacitika n'cakuti kamera iyesa kuunika konse kumene kuli patsogolo pace niyesetsa kukufikitsa pakatikati, posawala ndi posada. Ikaona nsaru yoyera ndi thambo lowala iganiza kuti kuunika kwacuruka, nicepetsa, ndipo khungu lakuda ndilo liyamba kutayika. Kamera sidziwa kuti pa ukwati cofunika ndi nkhope. Cimeneco adziwa ndi munthu.

Tsono mnyamatayu anayamba sukulu yace yaciwiri, mphunzitsi wace ali buku la malangizo ndi mng'ono wace amene anali kumuimika pansi pa mtengo wa mango madzulo ali onse. Anaphunzira kuti zinthu zitatu zilamulira kuunika. Coyamba ndi kabowo ka m'lenzi, kamene kakula ndi kucepa monga mwana wa diso. Manambala ace ayenda cobwerera: f/4 ndi bowo lalikuru, f/16 ndi laling'ono, ndipo kucoka pa f/4 kupita pa f/5.6, f/8, f/11 ndi f/16, sitepe iri yonse idula kuunika pakati. Bowo lalikuru lionetsa munthu yekha, za kumbuyo nizikhala mbuu. Laling'ono lionetsa bwino mzere wa kutsogolo ndi wa kumbuyo womwe. Caciwiri ndi citseko, cimene ciphethira monga cikope. Pa 1/500 ya sekondi wobvina aima ngati womangidwa. Pansi pa 1/60 ngakhale kunjenjemera kwa manja a wojambula kuononga cithunzi. Cacitatu ndi ISO, ndiko kuti msanga umene sensa imvera kuunika: 100 pa dzuwa, 400 pa mthunzi, 1600 m'chalichi, koma nambala ikakwera cithunzi cicita timadontho ngati mcenga. Zitatuzi ziri ngati mafuwa: ukasuntha limodzi, usunthenso lina, mphika ungagwe.

Anasunganso lamulo lakale la ojambula a filimu, lakuti pa dzuwa loswa mtengo f/16 ndi 1/100 pa ISO 100 sizinamiza. Koposa zonse anaphunzira kusuntha anthu: kuwacotsa pa dzuwa la liwombo, kuwaika pa mthunzi nkhope zao zitaloza kowala, ndi kuyesa kuunika pa tsaya osati pa malaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Panapita miyezi isanu zala zace zisanayambe kupeza mabatani popanda kuyang'ana.

Dziko la Chadiza nalo linamphunzitsa zace. M'miyezi ya September ndi October pfumbi la m'miseu lilowa pali ponse, ndipo wobvula lenzi pa mphepo aona madontho akuda pa thambo la cithunzi ciri conse, cifukwa pfumbilo lakhala pa sensa. Iye anazolowera kusintha lenzi m'nyumba, kamwa la kamera litaloza pansi. M'dzinja mdani ndi cinyontho, cimene cimeretsa nkhungu m'magalasi. Cotero anali kusunga kamera m'cigubu cotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toumitsa topezeka m'mabokosi a nsapato. Batire anali kudzaza pa sola ya pa golosale, ndipo apa DSLR inamkomera, pakuti kazenera kace ka diso sikadya moto, ndipo batire limodzi litha kujambula zithunzi mazana angapo. Zithunzi anali kuzisunga pawiri, popeza kakhadi kakafa kafa ndi maukwati onse ali m'menemo.

Panali phunziro lina losalembedwa m'buku la malangizo. Caka ndi caka, kumapeto kwa August, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu a dziko lonse, abvinidwa poyera pamaso pa alendo. Koma ku mudzi, pa maliro kapena pa cinamwali, mwambo uli ndi eni ace. Lenzi itha kukoka cinthu cakutali, koma siipatsa munthu cilolezo. Mnyamatayu anadziikira lamulo: ayambe waonana ndi a mfumu ndi akuluakulu a mwambo, ndipo akaletsedwa kamera ibwerere m'thumba. Cimodzimodzi sanali kujambula mai wolira, kapena mwana wa mwini popanda kupempha. Anthu ataona kuti adziwa poimira, anayamba kumuitana m'malo amene mlendo sakadaloledwa.

Wina angafunse kuti, kodi kamera yolemera cotere iri ndi nchito yanji masiku ano pamene mafoni ali m'matumba a anthu? Funsoli n'loona, ndipo linamdyera malonda ambiri. Palibe alipira kuti ajambulidwe ali pa njinga, popeza mnzace amjambula ulere. Koma zithunzi za m'foni zitayika pamodzi ndi foniyo, ndipo m'chalichi ca mdima kapena pa bwalo la mpira foni yotsika mtengo ilephera. Iye anapeza malo ace pa zinthu zosabwerezedwa ndi zofunika pa pepala: maukwati, ubatizo, magulu a ana otsiriza sukulu, tizithunzi ta pa makalata ofunsira nchito, ndi nkhope za okalamba. Mabanja ambiri anazindikira kuti analibe cithunzi ca agogo ao ngakhale cimodzi coti n'kupacika pa khoma.

Caka citatha, kamera inali isanabweze ndalama zace zonse, ndipo mnyamatayu sanasiye kulima. Munda ndiwo unali kulipira ulendo wa ku Chipata kukasindikiza zithunzi. Atsibweni ace sanabwezenso nkhani ya thole. Anangomtuma kuti Sabata lina adzajambule amai ao okalamba atakhala pa mpando, adzukulu atawazinga.

Acinyamata otsiriza sukulu amene alakalaka cipangizo ca mtengo wapatali, kaya ndi kamera, makina osokera kapena kompyuta, ayenera kuwerenga mitengo iwiri. Woyamba ulipidwa tsiku limodzi m'sitolo. Waciwiri ulipidwa miyezi yambiri, ndi kuyesa, ndi manyazi, ndi kufunsa akulu. Amene ali ndi ndalama za mtengo woyamba wokha acita bwino kuyamba wagula thole.