Boyizikota ya mayi anga

Ndakhala chete nthawi yaitali, mpaka ena kumafunsa ngati ndinadwala. Ayi, ndili bwino. Ndinatanganidwa ndi kugumula khoma limene ndinamanga ndi ndalama zangongole.

Nkhani yake ili chonchi. Bambo atamwalira, mayi anatsala okha kumudzi. Miyendo yayamba kuwavuta, kumjigo n'kutali, kuchipatala ndiye osanena. Tinagwirizana ndi mayi akunyumba kuti abwere kuno kutauni. Koma mayi anga ndi munthu wofuna khomo lakelake ndi moto wakewake, sakanalola kukhala pabalaza ndi adzukulu oonera mpira mpaka pakati pa usiku. Ndiye ndinaganiza zomanga boyizikota kuseri kwa nyumba: zipinda ziwiri, china cha mayi, china cha lendi kuti chizithandiza kubweza ngongole ya ku SACCO. Dzinali silindisangalatsa, chifukwa linayamba nthawi ya atsamunda pamene antchito apakhomo ankatchedwa aboyi ngakhale ali ndi imvi. Koma dzina lina limene mungandimve nalo msanga palibe.

Nditafunsa mmisiri za mapulani, anaseka. "Bwana, mapulani ndi a nyumba yaikulu. Kuseri kuno khonsolo sifika." Ndinamukhulupirira chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira. Unali mwezi wa November 2023, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa simenti unkasintha munthu uli m'njira yopita kuhadiweya. Ndalama yolipira wojambula mapulani ndinkaiwerenga m'matumba a simenti, basi mtima n'kukana.

Pofika January malata anali pamwamba. Mvula itagwa, madzi onse a padenga ankathira pakhomo la aneba, chifukwa pofuna kusunga malo tinagunditsa khoma lakumbuyo pa mpanda. Sindikudziwa ngati ndi iwo anakanena, ndipo sindinawafunse. Ndinangoona Lachinayi lina nditaweruka, mnyamata wina wa fayilo m'manja ataima pageti. Anavula kapusi. "Aphunzitsi, mwandiiwala?"

Anali mwana amene ndinamuphunzitsa sayansi kuyambira Fomu 3 mpaka analemba MSCE. Ankakhala kumbuyo cha kuwindo, ndipo homuweki yake inkabwera Lolemba la sabata yotsatira. Lero ndi woyendera zomangamanga. Pakamwa panga panasokonekera: ndinene kuti iwe kapena inu? Ndinayamba ndi iwe, koma pofika kuseri ndinali nditafika pa inu.

Anandiuza mwaulemu kuti lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la Town and Country Planning la 1988, silisiyanitsa kutsogolo ndi kuseri. Ukamanga nyumba mumzinda, ngakhale pa puloti yako, umayenera chilolezo. Ndivomere pano kuti ndinatchulako za Fanta. Anachita ngati sanamve, ine manyazi n'kundigwira.

Kenako anayamba kuzungulira. Ring'i bimu panalibe. Mmisiri anangoika malinto pamwamba pa zitseko ndi mawindo, mitengo ya denga n'kuimangirira kunjerwa ndi waya. Anandikumbutsa zivomezi za ku Karonga za mu December 2009, kuti dziko lathu lili m'chigwa chimene chimagwedezeka, ndipo bimu ndiye lamba amene amagwira makoma onse anayi kuti asaphwasuke. Ngodya imodzi ya fawundeshoni inakhala pamwamba pa paipi yopita kuthanki ya chimbudzi. Zimenezi ndinamvera ndikugwedeza mutu, koma mumtima ndinkati izi n'zam'buku, nyumba zingati m'dera lathu zili ndi bimu ndipo sizinagwe?

Tinalowa m'chipinda cha mayi. Anatseka chitseko, mukhala mdima masanasana. Chipindacho chinali chakumbuyo, ndiye windo linali kabowo kamodzi kakang'ono kumbali, mavento osaikamo n'komwe. Anandifunsa amene adzagonemo, ndinamuuza.

"Agogowo amaotha mbaula mu June?"

Amaotha. Kumudzi amalowa nayo m'nyumba, koma nyumba yakumudzi ndi yaudzu, imapuma yokha. Iyi ndi ya pulasitala, malata ndi chitseko chokwana bwino.

"Aphunzitsi, munkatiuza ndinu za carbon monoxide."

Anzanga a sayansi, phunziro limeneli ndaliphunzitsa zaka zoposa 20. Makala akamayaka pamalo popanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya umene ulibe mtundu, ulibe fungo. Umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa okosijeni, munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Ndalemba zimenezi pabolodi, ndazifunsa pamayeso, ndadula malikisi ana olephera kuzifotokoza. Koma pomanga chipinda cha mayi anga ondibereka sindinazikumbuke ngakhale kamodzi, maganizo onse anali pa mtengo wa felemu ya windo. Usiku umenewo sindinadye.

Musaganize kuti kuchokera pamenepo zonse zinayenda ngati nsima ya ndiwo zabwino. Ntchito inaimitsidwa. Ndinafuna munthu wodziwa kujambula mapulani, ndinasonkhanitsa mapepala osonyeza kuti puloti ndi yanga, ndinalipira zolipira, kuphatikizapo chindapusa choyamba kumanga popanda chilolezo. Ku ofesi ndinapitako kasanu ndi kawiri. Ulendo wina akuti wosaina ali kumaliro, wina akuti komiti sinakumane, wina fayilo sikuoneka. Ulendo uliwonse ndi mapiriyodi amene Fomu 4 yanga inakhala yokha, ndipo ahedi anayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Chilolezo chinatuluka patatha miyezi isanu, ngongole ikudulidwa pamalipiro mwezi ndi mwezi, walendi kulibe.

Pamenepa mpomwe mtima wanga umagawikana. Zimene mnyamata uja anaona zinali zoona zonse, ndipo palibe chimene ndingatsutse. Koma ngati ine wolandira pakutha pamwezi, wodziwa kuwerenga fomu, ndinatsala pang'ono kugwa ulesi, nanga wakabaza amene akufuna kuwonjezera kachipinda ka mlongo wake wamasiye? Iyeyo adzamvera mmisiri wanga uja. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe mu March 2023, ambiri tinkafunsa kuti anthu anamangiranji m'mphepete mwa phiri la Soche. Sikuti sankaliona phirilo. Malo amene thumba lawo likanakwanitsa anali amenewo. Ndikanakonda khonsolo iliyonse itakhala ndi mapulani awiri kapena atatu a nyumba zazing'ono zakuseri, ovomerezedwa kale, oti munthu angogula motchipa n'kukapatsa mmisiri. Inu ana anga amene muli m'maofesi amenewa, ndakupatsani homuweki, ndipo musaibweretse Lolemba la sabata yamawa ngati mnzanu uja.

Khoma lakumbuyo tinaligumula n'kulibweza mkati, moti zipinda zinachepa koma pakati pa nyumba ndi mpanda munthu akhoza kudutsa ndi wilibala. Denga tinalitsitsa kuti tithire bimu, paipi tinaipatutsa. Mmisiri anali yemweyo, ndipo anandilipiritsa kugumula khoma limene anandilipiritsa kumanga, nkhope ili gwa.

Mayi analowa mu August 2024. Chipinda chawo chili ndi mawindo awiri ndi mavento anayi. Akuti nyumbayo ndi yozizira ngati kumanda, ndipo amene anaijambula sanaleredwe bwino. Madzulo aliwonse amatseka mavento ndi nyuzipepala zakale. Ine ndikapita kukawatsanzika ndimatulutsa mbaula panja, n'kukwera pampando kuchotsa nyuzipepalazo, iwo akundiyang'ana. Dzulo ndinapeza atatsekamo mapepala a mayeso a Fomu 2 amene ndinali ndisanachonge.