Sbrigati! Mawu ofulumizitsa pamalo podikira

Anzanga, sabata ino ndakutengerani mneni wa Chitaliyana: sbrigarsi, kufulumira. Mwana akamazengereza, mayi wa ku Italy amakalipa kuti "Sbrigati!" Ana akakhala angapo, "Sbrigatevi!" Munthu wamkulu mumamupatsa ulemu wake: "Si sbrighi." Ka si komalizira mu sbrigarsi ndi -dzi- wathu uja, kusonyeza kuti umadzifulumizitsa wekha.

Mwina mukuti, Chitaliyana cha chiyaninso kuno ku Dowa? Mu 2022 Malawi inalowa pa UNICORE, ndondomeko ya UNHCR ndi mayunivesite a ku Italy yotenga othawa kwawo kukachita digiri yachiwiri. Ndiye mtsikana wa ku Dzaleka, wolankhula kale Chiswahili, Chifalansa ndi Chichewa, akhoza kudzawamva mawuwa akuthamangira sitima ku Milan.

Koma chimene chandigwira mtima ndi muzu wake. Briga ndi vuto, chinthu chokukola. S- woyambirirayo amachotsa. Kufulumira kwa Mtaliyana tsono n'kudzimasula ku chimene chakukola. Mukachotsa si uja mutsala ndi sbrigare, kumalizitsa ntchito msanga. Sbrigare una pratica n'kumalizitsa mapepala a muofesi.

Apa m'pamene pamandiwawa. Msasa wa Dzaleka unatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe panali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu. Unakonzedwera anthu pafupifupi 10,000, koma lero mukukhala oposa 50,000. Alipo ena anabadwira momwemo, akula, ali ndi ana awo, koma mafailo awo akadali pamzere. Kudzifulumizitsa amatha ndithu: mbandakucha ali kale pamjigo ndi zigubu, Lachiwiri akuyala malonda pamsika. Koma sbrigare una pratica ili m'manja mwa ena. Iwe ungathamange bwanji, pepala lako likugona mudilowa ya munthu wina?

Ife timakonda kutonthoza anzathu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, a Chiswahili nawo amati haraka haraka haina baraka. N'zoona, koma n'zosavuta kunena ukakhala ndi chiphaso chaunzika m'thumba ndi munda kwanu.

Ndiye musanauze munthu kuti "dekha" kapena "fulumira", yambani mwaona kuti chingwe chamukolacho wagwira ndani. Ngati wagwira ndinu, kaya ndi siginecha, kaya ndi chidindo, mawuwa ndi anu bwana: si sbrighi.