Zomwe mayi wofuula wa ku Russia anandiphunzitsa

Ndikamaphunzitsa za kugwa kwa ufumu ku Russia m'chaka cha 1917, ophunzira anga amangofuna kuloweza maina a Lenin ndi Stalin kuti akakhoze mayeso. Inenso ndinkakhutira nazo, mpaka tsiku lina ndikufufuza pa foni ndinapeza chithunzi cha mayi wovala duku, dzanja lili pakamwa, akufuula. M'kamwa mwake munkatuluka zilembo zomwe zinkanka zikula, ndipo liwu lake linali lakuti mabuku.

Mayiyo ndi Lilya Brik. Anamujambula Alexander Rodchenko m'chaka cha 1924, ndipo chithunzicho chinatsatsa mabuku a kampani yaboma ya ku Leningrad. Rodchenko anali m'gulu la aluso otchedwa ma constructivist, omwe ankati luso lichoke m'nyumba za olemera n'kukagwira ntchito mumsewu ndi m'fakitale. Nthawi imeneyo anthu ambiri ku Russia sankatha kuwerenga, choncho chikwangwani chinkayenera kumveka munthu akungodutsa. N'chifukwa chake ankakonda mitundu yochepa, makamaka yofiira, yakuda ndi yoyera, zilembo zonenepa ndi mizere yopendekeka.

Varvara Stepanova ndi Lyubov Popova anakalowa ntchito pa fakitale ya nsalu ku Moscow, n'kumakonza maonekedwe a nsalu zoti anthu wamba azivala. Vladimir Tatlin anakonza pulani ya nsanja ya zitsulo ya mamita 400, yoposa Eiffel Tower, koma siinamangidwe. Maganizo a gululi anafika mpaka ku sukulu ya Bauhaus ku Germany, ndipo lero amaonekabe pa zikuto za mabuku ndi pa zikwangwani zamalonda.

Ine chithunzichi chinandichititsa manyazi. Pasukulu pathu tili ndi kachipinda ka mabuku, ndipo pakhomo pake ndinamatapo pepala la malamulo 12, lodzaza ndi mawu akuti musachite ichi, musachite icho. Ana ankangolambalala. Ndinalimatula, n'kupempha mtsikana wina wa Folomu 3 yemwe amajambula kuseri kwa makope ake kuti akonze china. Pa katoni yakale anajambula mnzake akufuula, n'kulemba liwu limodzi ndi penti yofiira. Sindikunena kuti onse asanduka okonda kuwerenga, koma tsopano amaima, amaseka, ena amalowa.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali yowawa. Luso lomwelo lomwe linaitanira anthu ku mabuku linawaitaniranso kunkhondo. Chikwangwani chodziwika cha El Lissitzky chimaonetsa chinthu chosongoka chofiira chikubaya bwalo loyera, kulimbikitsa anthu kukantha adani pa nkhondo yapachiweniweni. Boma litalimba, linawatembenukira alusowo. Mu 1932 chipani cha Stalin chinathetsa magulu onse a aluso oima paokha, ndipo Gustav Klutsis, yemwe anakonza zikwangwani zambiri zotamanda Stalin, anaphedwa ndi boma lomwelo mu 1938.

Tsono ndikafika pa mutuwu m'kalasi, ndimaonetsa ana zithunzi ziwirizo, cha mabuku ndi cha nkhondo, n'kuwafunsa kuti akufuula ndani, ndipo akufuna kuti tichite chiyani. Funso limeneli adzalifuna akadzaima kutsogolo kwa zikwangwani za kampeni, ngakhale pa mayeso lisabwere.